Tsiku Lokaona Nyama Pamodzi ndi Banja

 Ndikulankhula nanu pa wailesi kuchokera kuno ku Chembe, patsinde pa mapiri a kwa Nankumba, ndipo mawu anga afike ku Msaka, ku Mvunguti, ku Zambo, ku Monkey Bay ndi ku Malembo, kufikira ku boma ku Mangochi ndi kutsidya kwa Makanjira. Nkhani ya lero ndi ya ulendo umene ambiri a ife sitiuwerengera pakati pa maulendo oyenera munthu wamkulu, pakuti si wa kumaliro, si wa kuchipatala, ndiponso si wokagulitsa usipa, koma ndi wakuti bambo, mayi ndi ana anyamuke tsiku limodzi, atasamba ndi kuvala bwino, kukaona nyama.

Chimene chandiutsa mtima ndi ichi. N'kovuta kupeza mudzi m'boma lino umene ulibe mwana wake ku Joni, ndipo abale athu amene akhala kumeneko ndi mabanja awo amatitumizira zithunzi pa foni, zina mwa izo zoonetsa tiana titaima pafupi ndi mpanda, kumbuyo kwake kukuoneka nyamalikiti kapena chipembere; tsono chithunzi chotere chikafika kuno, ana a m'nyumbamo amachiunjirira nayamba kufunsa mafunso amene ife akulu timayankha mongopenekera, chifukwa nafenso sitinaonepo. Taganizirani, abale anga: pa chizindikiro cha dziko lathu pali mkango mbali iyi, kambuku mbali iyo, ndi nkhwazi pamwamba, nthano zimene agogo amatiuza pamoto zadzala ndi Kalulu, Njovu ndi Fisi, enanu maina anu enieni ndinu a Njobvu ndi a Nkhwazi, koma mwa zamoyo zitatu za pachizindikiro zija, mwana wa ku Chembe amadziwa ndi maso ake nkhwazi yokha, zinazo amangozimva mbiri. Makolo athu sanali kusowa ulendo wokaona mkango, pakuti mkango unali kudza wokha kukhola usiku, ndipo iwo anali kuudziwa mapazi, fungo ndi kubangula kwake. Koma lero dziko ladzala ndi anthu, nkhalango zasanduka minda, ndipo mwana akapanda kutengedwa dala kukaona zolengedwa zimenezi, adzakalamba asanazione.

Kusunga nyama za kutchire mumpanda kuti anthu azidzaziona, kumene m'mizinda ikuluikulu amati zoo, n'chinthu chakale ndithu, ngakhale poyamba chinali chosangalatsa mafumu okha ndi alendo awo. Zoo yakale koposa mwa zimene zilipobe lero ili mumzinda wa Vienna, ndipo inakhazikitsidwa m'chaka cha 1752 pabwalo la nyumba yachifumu. Ya ku London inatsegulidwa mu 1828, poyamba kwa anthu ophunzira za nyama okha, kenaka kwa munthu aliyense wolipira pakhomo, ndipo komweko mu 1853 anamanga nyumba yoyamba yoonetseramo nsomba zamoyo m'mabokosi a galasi. M'masiku amenewo nyama zinali kukhala m'tizipinda ta zitsulo, mpaka munthu wina wa ku Germany, dzina lake Carl Hagenbeck, anatsegula malo ake pafupi ndi Hamburg mu 1907, m'mene analekanitsa nyama ndi anthu ndi ngalande zakuya m'malo mwa zitsulo, kuti mkango uoneke uli pathanthwe, pansi pa thambo. Kummwera kwa Africa kuno, ya ku Pretoria inayamba mu 1899, ndipo ya ku Johannesburg mu 1904.

Tiyeni tikhalitse pang'ono pa ya ku Johannesburg, popeza ndiyo imene abale athu ambiri ali nayo pafupi. Ili m'dera la Parkview, m'mbali mwa msewu wa Jan Smuts, pa malo a mahekitala ngati 55, ndipo imasunga nyama pafupifupi 2,000 za mitundu yoposa 300. Malowo anaperekedwa kwa mzinda pokumbukira Hermann Eckstein, mmodzi wa eni migodi ya golide, ndipo chifukwa cha mawu amene analembedwa m'chikalata choperekera mphatsoyo, pakhomo pake sipanakanizidwe munthu chifukwa cha khungu lake, ngakhale m'zaka zowawa za tsankho, pamene munthu wakuda sanali kuloledwa kukhala pa benchi imodzi ndi mzungu m'mapaki ambiri a mzindawo. Ichi ndachitchula chifukwa agogo athu amene anapita ku migodi ndi Wenela anakumba chuma chimene chinamanga mzinda umenewo, ndipo mdzukulu wawo akalowa pachipata chimenecho lero atagwira mwana padzanja, asalowe mwamanyazi.

Inu amene muli ndi mwayi wopitako, kaya mukhala komweko kaya mwakacheza, imvani malangizo awa. Lawirirani, kuti mukafike chipata chikangotsegulidwa, pakuti nyama zimayendayenda ndi kudya m'mawa kukali kozizira, ndipo dzuwa likafika paliwombo zambiri zimabisala mumthunzi. Makamaka mkango, umene ana amaufuna koposa, ndi nyama yogona nthawi yaitali ya usana, kotero kuti wofika masana amangoona mchira ndi khutu kuseri kwa mwala, nabwerera akudandaula ndalama zake. Tengani madzi akumwa ndi kamba, mbatata kapena mpunga wa m'kontena, valani nsapato zoyendera, ndipo mwana wamng'ono mumuuze dzina la kholo lake ndi malo okumanirana akasochera. Koma langizo lalikulu kuposa onse ndi lakuti musafune kuona zonse. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Banja limene lithamanga kuchoka pa mpanda uwu kunka pa uwo, bambo ali patsogolo ndi foni m'manja, mayi ali m'mbuyo kukoka ana olira, limafika kunyumba ndi zithunzi zambiri ndi miyendo yotupa, koma mukawafunsa chimene aona, palibe wonena. Sankhani nyama zochepa, ndipo pa iliyonse muime nthawi.

Imani, mwachitsanzo, pa njovu, ndipo muuze ana kuti asayang'ane ukulu wake wokha, umene aliyense amauona, koma ayang'ane kunsonga kwa chitamba. Adzaona kuti kumeneko kuli timilomo tiwiri, kena pamwamba kena pansi, ndi kuti chiwalo chomwecho chimene chimathyola nthambi ya mtengo chimathanso kutola kambewu kamodzi m'fumbi, monga mayi atola timiyala mu mpunga palichero. Adzaona kuti njovu siimwera m'chitamba, koma imakoka madzi, nipinda chitambacho, niwathira m'kamwa. Adzaona makutu akukupiza, ndipo inu mudzawauza kuti m'makutumo muli mitsempha yambiri ya magazi, ndi kuti kukupizako ndiko kuziziritsa thupi lonse. Mukafika pa nyamalikiti, afunseni kuti m'khosi lalitalilo muli mafupa angati, ndipo atatchula makumi awo muwauze kuti ndi 7 okha, chiwerengero chomwecho cha m'khosi mwa munthu ndi mwa mbuzi, kungoti fupa lililonse ndi lalitali. Kenaka dikirani kufikira itatulutsa lilime lake lakuda ndi kulikulunga pa nthambi ya minga osalasidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa mpanda uliwonse pali chikwangwani chonena dzina la nyama, kwawo ndi chakudya chake. Mwana amene ali pasukulu ndiye awerenge mokweza, amasulire agogo ake, ndipo mudzaona nkhope yake m'mene idzawalire poona kuti maphunziro ake athandiza banja pamaso pa anthu. Musalole mwana kuponya mwala kuti nyama idzuke, kapena kuiponyera chakudya, kapena kulowetsa dzanja pa waya. Ndipo inu abambo, musachite zimenezi ana akuona.

Pamalo omwewo mudzapeza chifanizo cha nyani wamkulu wa mtundu wa gorila, dzina lake Max, amene mbiri yake inamveka dziko lonse la South Africa mu 1997, pamene wakuba wina wothawa apolisi analumphira mumpanda mwake namuwombera ndi mfuti. Max analimbana naye, anachira mabala ake, nakhala ndi moyo kufikira 2004. Ana amaikonda nkhani imeneyi. Koma pali nkhani inanso ya pamalo omwewo imene ili yolemera mtima, ndipo sindifuna kukubisirani. Kunali chimbalangondo choyera, cha mtundu umene kwawo ndi kumadzi oundana a kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, dzina lake Wang, chimene chinakhala zaka zambiri pansi pa dzuwa la Johannesburg, ndipo chitafa mu 2014, miyezi yochepa chitafedwa chinzake, sichinalowedwe m'malo. Chinali chotsiriza cha mtundu wake mu Africa yense. Ku Pretoria nako kunali njovu yamphongo yotchedwa Charlie, imene inagwidwa ili mwana ku Hwange m'dziko la Zimbabwe mu 1984, nigwiritsidwa ntchito yosangalatsa anthu m'maseŵero, nipita ku zoo mu 2001. Ndipo anthu atadandaula kwa nthawi yaitali, mu August 2024 inatengedwa kupita ku nkhalango yotetezedwa m'chigawo cha Limpopo, itatha zaka 40 m'manja mwa anthu.

Tsono mwana wanzeru, ataona kambuku akuyenda uku ndi uku m'mphepete mwa mpanda, njira imodzimodzi kufikira udzu unatha, adzakufunsani kuti, kodi bambo, nyamayi inalakwanji? Musamukalipire, pakuti funsolo ndi loyenera, ndipo anthu ophunzira akali kutsutsana pa ilo. Ine maganizo anga ndi awa. Akhristu ndi Asilamu tonse timadziwa mbiri ya Nowa, amene anatsekera zamoyo m'chingalawa kuti mbewu yake isatheretu padziko, ndipo madzi ataphwa anatsegula khomo. Kutsekera kotero kuli ndi chifukwa chake, ndipo zoo imene isunga mtundu wa nyama umene uli pafupi kutha, niuchulukitsa, niphunzitsa ana a mumzinda amene sakanaona nyama mwa njira ina, ikuchita ntchito yabwino. Pali mitundu ina, monga mphalapala yoyera ya m'chipululu cha Arabia, imene inatheratu kutchire nipulumukira m'malo oterewa, kenaka nibwezedwa kwawo. Koma kutsekera cholengedwa chachikulu, chozolowera kuyenda mitunda ndi anzake, m'kabwalo kakang'ono moyo wake wonse kuti anthu azingochiloza chala, kumeneko sindikuvomereza, pakuti munthu anaikidwa kukhala mdindo wa zolengedwa, ndipo mdindo adzafunsidwa za udindo wake.

Kuno kwathu ku Malawi tilibe zoo yaikulu yonga ya ku Joni. Anzathu a ku Zambia ali ndi Munda Wanga ku Chilanga, kummwera kwa Lusaka, umene unayamba ngati munda wa maluwa ndi mitengo m'zaka za m'ma 1950. Ife chimene tili nacho mumzinda ndi Lilongwe Wildlife Centre, m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre, ndipo kunena zoona malowa ndi chipatala ndi nyumba ya nyama zamasiye koposa kukhala chionetsero. Kumeneko kunakhala mkango waukazi wa diso limodzi, dzina lake Bella, umene unapulumutsidwa ku zoo ina yosauka ya m'dziko la Romania nufika kuno mu 2009, ndi wina wamphongo, Simba, umene unafika mu 2014 utachotsedwa m'manja mwa oonetsa maseŵero ku France. Ndipo ana ambiri a sukulu za mu Lilongwe anaona mkango koyamba pa iwiri imeneyi. Koma nyama zambiri za pamalopo ndi za konkuno: ana a anyani ndi a pusi amene amawo anaphedwa, agwape, njuzi, ndi ngaka zolandidwa kwa ozembetsa. Cholinga ndi chakuti zikachira zibwerere kutchire, ndipo chifukwa cha ichi zimene zikukonzekera kubwerera siziyenera kuzolowera nkhope za anthu. Choncho mukapitako, pitani ndi mtima wokayenda m'nkhalango, kuona mbalame ndi mitengo ndi kumva maphunziro, ndipo musakakamize kuonetsedwa chilichonse. Ndipo ndikupemphani, mukaona munthu m'mbali mwa msewu akugulitsa kamwana ka pusi kapena ka gwape, musagule, ngakhale mutakamvera chisoni chotani, pakuti ndalama yanuyo ndiyo idzamtuma kukapha mayi wina. Dziwaninso kuti chiyambire 2017 lamulo la dziko lino limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 kundende pa milandu ikuluikulu ya nyama zotetezedwa.

Koma kodi n'chifukwa ninji tiyang'ana kutali, pamene Liwonde ali pakhomo? Kuchoka ku Monkey Bay, kudutsa pa boma, kutsika ndi msewu wa ku Ulongwe, ndi ulendo wa m'mawa umodzi, ndipo kumeneko nyama sizili m'tizipinda koma kwawo, m'mbali mwa Shire, pakati pa migwalangwa ndi malambe. Nkhalangoyo inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo inafika poti yatsala pang'ono kutha ndi misampha ya waya; koma chiyambire 2015, pamene boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziisamala, misampha yambirimbiri inazulidwa, mpanda wamagetsi unamangidwa, ndipo nyama zimene zinasowa kapena kuchepa zinabwezedwa: akakwiyo mu 2017, mikango mu 2018, zipembere zakuda 17 zochokera ku South Africa mu 2019, ndi mimbulu mu 2021. Njovu zinachuluka kotero kuti mu 2022 zokwana 263 zinasamutsidwira ku Kasungu. M'miyezi ya chilimwe, kuyambira August kufikira October, pamene udzu wauma ndi zithaphwi zaphwa, nyama zimatsikira kumtsinje, ndipo munthu ali m'boti amaona njovu zikumwa, mvuu zikufwenthera, ng'ona zitayasama pamchenga, nswala ndi njiri zili m'dambo, zonse pa nthawi imodzi.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu, makamaka a ku Phirilongwe ndi midzi yozungulira, mukamva dzina la njovu simukumbukira chisangalalo koma minda yopondedwa, nkhokwe zogumulidwa ndi maliro, kufikira chaka cha 2009 pamene njovu 83 zinagwidwa ndi kutengedwa pa magalimoto kupita ku Majete. Misozi imeneyo sindiipeputsa, ndipo munthu amene sanagonepo kumunda kulondera chimanga asafulumire kuweruza mlimi. Komabe ndinena kuti mwana amene wamva za njovu zoipa zokhazokha ayenera kuionanso ili pamtendere, ikutchinjiriza mwana wake pakati pa miyendo powoloka madzi, kuti aidziwe yonse. Pakuti ana amenewa ndiwo adzakhale alonda a nkhalango, madokotala a nyama, aphungu ndi mafumu, ndipo adzaweruza bwino pakati pa munda ndi nkhalango ngati adziwa mbali zonse ziwiri. Za ndalama musaope msanga: m'nkhalango za boma nzika ya Malawi imalipira pakhomo ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja, ndipo chodula kwenikweni ndi galimoto. Apa mutu umodzi susenza denga. Mabanja anayi kapena asanu, kapena gulu la banki mkhonde, kapena amayi a mvano, kapena a kumzikiti, kapena komiti ya sukulu, angathe kusonkha pang'onopang'ono m'nyengo imene usipa ukugwidwa bwino, nachita hayala minibasi imodzi, atafunsiratu kwa oyang'anira nkhalango za mitengo ndi malamulo ake, pakuti safunsa anadya phula.

Tsopano ndifike pa chimene chili pamtima panga koposa, ndipo a ku Chembe mundimvetsere bwino. M'nyumba zoonetsera nsomba za m'mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya, ku America ndi ku Japan, kawirikawiri mumapezeka bokosi lagalasi lodzala ndi miyala, m'mene mukusambira tinsomba tobiriwira, tachikasu ndi tamizeremizere, ndipo pachikwangwani chake palembedwa dzina la nyanja yathu. Tinsomba timeneto ndi mbuna, zomwezi zimene asodzi athu saziwerengera ndiwo. Chiyambire zaka za m'ma 1960 ndi 1970 zakhala zikutumizidwa kunja pa ndege, ndipo anthu a kumeneko amalipira pakhomo, naimika ana awo pamzere, kuti aone m'bokosi chimene ife tili nacho m'nyanja yonse. Nyanja ino ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, mazanamazana, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Chifukwa cha zimenezi boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, paki yoyamba padziko yoikidwa makamaka kuti iteteze nsomba za m'madzi otere, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linailemba m'kaundula wa malo amene ali chuma cha anthu onse. Mudzi wathu uno, pamodzi ndi Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chizale, uli m'kati mwenimweni mwa malo amenewo.

Nanga ndi angati mwa ife amene anavalapo galasi la m'madzi ndi kuyang'ana pansi? Anyamata operekeza alendo amatero tsiku ndi tsiku. Koma amayi amene amatsuka mbale ndi kuchapa pagombe m'mawa uliwonse, akuyang'anana ndi chilumba cha Thumbi chibadwire, ambiri sanapondepo pachilumbacho, ndipo ana aakazi amakula akuganiza kuti zimenezo n'za azungu ndi za anyamata. Ichi chimandipweteka. Pitani ku Otter Point m'mawa nyanja ili bata, muime pamwala pamene madzi afika m'chiuno, muike nkhope m'madzi, ndipo mukhale chete. Poyamba mudzangoona mitundu ikuthwanima. Koma mukadekha mudzazindikira kuti yamphongo iliyonse, yowala koposa zinzake, ili ndi kamwala kake kapena kaphanga kake kamene ikulondera, ndipo ina ikayandikira imatambasula zipsepse niithamangitsa, nibwerera pamalo pomwepo. Mudzaona zina zitaimirira chamutu pansi, zikupala ndere pamwala ndi timano tawo, kusiya timizere toyera. Ndipo mukakhala ndi mwayi mudzaona yaikazi ya mtundu wosawala, yotupa kukhosi, imene siikudya ngakhale zinzake zikudya. Imeneyo yanyamula mazira m'kamwa, ndipo idzawasunga momwemo kwa milungu ngati itatu kufikira ataswa ndi kukula. Pali mitundu ina ya nsomba za m'nyanja muno imene mayi akatulutsa ana kuti adye, choopsa chikangoyandikira, tiana tonse timathamangira m'kamwa mwake nthawi imodzi. Mwana wanu wamkazi akaona chimenechi ndi maso ake, simudzasowanso kumuuza kuti m'nyanja muli zodabwitsa.

Chodabwitsa china n'chakuti mbuna sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, koma zimakhala pa miyala pamene zinabadwira. Chifukwa chake za ku Thumbi zimasiyana maonekedwe ndi za ku Mumbo, za ku Mumbo zimasiyana ndi za ku Maleri, ndipo pali mitundu imene dziko lake lonse ndi chilumba chimodzi kapena mulu umodzi wa miyala. Apa ndipo pagona chifukwa cha lamulo lija loletsa kusodza pa mtunda wa mamita 100 kuchokera kugombe la paki ndi la zilumba zake. Ndikudziwa kuti lamuloli limawawa pamene utaka wathawira kumiyala ndipo chilimira chabwera chopanda kanthu, monganso amawawa malire a kotola nkhuni, ndi anyani amene amatsika m'phiri kudzaba chimanga ndi nsomba pathandala. Zimenezi n'zoyenera kuzikamba poyera pakati pa mafumu, makomiti a m'mphepete mwa nyanja ndi a paki. Koma ukonde umodzi wa maso ang'onoang'ono wokokedwa pa miyala ya chilumba chimodzi ungathe kuchepetsa mtundu umene sulinso kwina pansi pa thambo, ndipo msodzi amene anaziona nsombazo zili zamoyo pamalo pake amalimvetsa lamulolo mosiyana ndi amene anangolimva pamsonkhano.

Pamtunda napo pali zoona: katumbu amene amatulukira pamiyala m'bandakucha, ng'azi zoothera dzuwa, mbira za m'mapanga, mphipi zitayanika mapiko, ndi nkhwazi imene imaponya mutu kumbuyo polira, nitsika kudzatola nsomba pamwamba pa madzi ndi zikhadabo zokha. Anyani muwaonere patali ndipo musawapatse chakudya, pakuti nyani wozolowera kulandira m'manja ndiye amene mawa amalowa m'khitchini. Pobwerera mungapatukire ku manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika pano mu 1875 ndi sitima ya Ilala nasamukira ku Bandawe mu 1881 atagonja ndi malungo, ndi ku Mwala wa Mphini m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay. Za chitetezo ndinene mwachidule koma molimba: musawoloke ndi ana pa bwato la mtengo umodzi, koma pa boti lodalirika la munthu wodziwa nyanja, aliyense avale jekete yoyandamitsa, musadzaze boti kupitirira muyeso, ndipo m'miyezi ya mwera, kuyambira May kufikira August, mverani akuluakulu a pagombe akati lero sikuwolokeka.

Pempho langa tsono ndi ili, kwa inu abambo, ndi kwa inu amalume amene mawu anu amamveka pa ana a alongo anu: tchuthi cha sukulu chikubwerachi, patulani tsiku limodzi, ndipo mulitchule kwa ana lisanafike kuti aliyembekezere. Amene muli ku Joni, pitani nawo ku Parkview kapena ku Pretoria. Amene mungathe kusonkha, pitani ku Liwonde. Ndipo ife a kuno, tiyambe ndi kupita ku malo a maphunziro a paki kufupi ndi Otter Point, tikafunse za malipiro a nzika ndi za munthu wotiperekeza, tibwereke magalasi a m'madzi kwa ana athu omwe amene amayenda ndi alendo. Amayi asatsale kunyumba kuphika. Chakudya chiphikidwe m'mawa, chinyamulidwe, ndipo agogo ngati miyendo ikuwalola apite nawo, kuti akatchule maina a mbalame ndi mitengo amene ife taiwala. Aphunzitsi amene muli ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu zanu, itanani makolo pa ulendo wotsatira. Mukapita, tilembereni kalata kuno ku wailesi, mutiuze chimene ana anu anaona ndi mafunso amene anakufunsani, ndipo tidzawerenga makalatawo ndi kuyankha mafunsowo pa pulogalamu yomwe ino.  Asodzi muyende bwino panyanja usiku uno, ndipo nonse mugone bwino.